Buku la nkhondo lomwe linatisiyanitsa maganizo ku Ngabu

M'mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuno ku chigwa limaotcha mpaka munthu kulephera kuponda pansi wopanda nsapato, ndinabwera kuchokera ku Limbe ndi buku la Chingerezi lomwe ndinagula kwa mnyamata wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ndi nkhani yopeka ya mnyamata wa ku England amene akugwa m'chikondi ndi mtsikana wina nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatsala pang'ono kuyamba, kenaka akutumizidwa ku France kumene akukhala miyezi yambiri m'ngalande zodzaza matope. Nditamaliza kuwerenga ndinabwereketsa bukulo kwa achemwali anga aakulu, omwe anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Iwo analipereka kwa aphunzitsi ena opuma pantchito omwe timapemphera nawo limodzi, ndipo aphunzitsiwo analipatsira mdzukulu wawo wamkazi amene ali ku koleji. Pofika Disembala tonse anayi tinali titaliwerenga, choncho Lamulungu lina madzulo tinakhala pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pa aphunzitsiwo kuti tikambirane. Ndinapita ndili ndi chikhulupiriro choti tonse talikonda mofanana, koma zimene ndinamva zinali ngati aliyense wawerenga buku lakelake.

Ngalande zimene zikunenedwa m'bukuli si zofanana ndi zija zodutsa madzi m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 1914, asilikali a mbali zonse ziwiri anakumba maenje aatali ozama kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo mzere wake unayambira kugombe la nyanja ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 700. Kutsogolo kwa maenjewo kunali waya waminga, ndipo aliyense wotuluka kuti athamangire adani ankakumana ndi mfuti zachiwaya. Pakati pa bukuli pali nkhondo ya pa mtsinje wa Somme, yomwe inachitikadi: pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba lokha, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa, ndipo kuphatikiza ovulala chiwerengero chinafika pafupifupi 57,000. Mizinga inali itawomba kwa sabata yathunthu n'cholinga chodula wayayo ndi kuphwanya malo a Ajeremani, koma iwo anabisala m'zipinda zakuya pansi pa nthaka, n'kutuluka ndi ziwaya zawo mizingayo itangoleka.

Achemwali anga ndiwo anayamba kulankhula, ndipo sanabise kuti masamba oyambirira, omwe ndi a chikondi, anawatopetsa. "Achimwene," anatero akuyang'ana ine, "masamba oposa zana munthu akungoyenda m'munda wa maluwa ndi kulemberana timakalata, chonsecho nkhani yeniyeni ili kutsogolo." Kwa iwo bukuli linayamba pamene mnyamata uja analowa m'ngalande. Anayamikira kuti wolemba sanaope kunena za nsabwe za m'zovala, makoswe onenepa ndi mitembo, ndi mapazi owola chifukwa choima m'madzi masiku ambiri osavula nsapato. Iwo anasamalira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anadzaza boma la Nsanje cha m'ma 1980, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ndipo ena mwa anthuwo ankafika ataduka miyendo ndi mabomba okwirira. Anati fungo la bala lomwe lakhala masiku atatu osatsukidwa wolembayo analifotokoza monga momwe liliridi, ndipo munthu wonena zoona pa chinthu chotere sayenera kutaya nthawi ndi maluwa.

Mdzukulu wa aphunzitsi uja anadikira kuti akuluakulu amalize, kenaka anapempha kuti alankhule. Iye anaulula kuti mitu ina ya nkhondo anangoidumpha, chifukwa atawerenga za mnyamata wina amene anamira m'matope anzake akumuona analephera kugona. Chimene chinamugwira mtima ndi makalata, makamaka momwe mawu a msilikaliyo ankacheperachepera mwezi ndi mwezi, mpaka kalata yomaliza inangokhala mizere itatu yonena za nyengo ndi masokosi. Koma mathero ake anamukwiyitsa. "Amayi," anatero kwa achemwali anga, "munthu wapulumuka zonsezija, wabwerera kwawo wamoyo, mkazi wamudikira zaka zinayi, ndiye angokhala pampando osalankhula mpaka chibwenzi kutha? Wolembayu watilanga ife owerenga popanda chifukwa." Achemwali anga anamuyankha modekha kuti anthu otero anawaona ndi maso awo, amuna athupi lathunthu omwe ankangoyang'ana khoma, ndipo kuti mathero ena aliwonse akanakhala bodza.

Ine ndinaima pakati pa awiriwa, ndipo mpaka lero maganizo anga sanasinthe. Ndikuona kuti achemwali anga akulakwitsa ponena kuti masamba a chikondi ndi otayika. Chiwerengero cha 19,000 munthu amachiwerenga n'kupitirira, chifukwa mtima sungathe kulira maliro ochuluka chotero nthawi imodzi. Koma ukakhala ndi mnyamata mmodzi kwa masamba zana, ukudziwa momwe amasekera, momwe amachitira manyazi pamaso pa makolo a mtsikana, ndi nyumba yomwe akulota kudzamanga, ndiye pamene ukumuona akukwera makwerero kutuluka m'ngalande m'mawa wa tsiku lija umadziwa kukula kwa chimene chikutayika. Ife a kuno tiyenera kuzimvetsa bwino zimenezi. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, ndiponso pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, wailesi inkatchula ziwerengero tsiku ndi tsiku, koma amene analira kwenikweni ndi uja ankadziwa dzina la mayi wa ku Makhanga amene sanapezeke. Mdzukulu ujanso ndikuona kuti akulakwitsa podumpha mitu ya nkhondo, pakuti kalata ya mizere itatu ija singamveke kwa munthu amene sanaone chimene chinadya mawu enawo.

Nthawi yonseyi aphunzitsi anali chete, bukulo lili pamiyendo pawo. Atatsegula pakamwa anayamba ndi kudandaula pang'ono kuti malo ena a chikondi analembedwa mosabisa, ndipo anazengereza asanapereke bukulo kwa mdzukulu wawo. Koma nkhani yawo yaikulu inali ina. "Ana anga," anatero, "ndawerenga buku lonseli, ndipo ndi lolembedwa mwaluso, koma agogo anga sindinawapezemo." Agogo awo aamuna anali mmodzi wa amtengatenga, amuna amene boma la atsamunda linkawatenga m'midzi kudzera mwa mafumu kuti azisenza katundu wa asilikali pa nkhondo yomweyo, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya.

Apa aphunzitsi anatikumbutsa mbiri yomwe ambiri timaiphunzira kusukulu n'kuiiwala. Nkhondo ija inafika m'dziko muno msanga: mu Ogasiti 1914 sitima ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Malawi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland analowa usilikali, ambiri mu gulu la King's African Rifles, pamene osenza katundu anafika pafupifupi 200,000. Chigwa chathu chinali khomo la dziko, chifukwa katundu wochokera kunyanja yamchere ankakwera ndi mtsinje wa Zambezi, n'kudutsa pa Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi pa Chiromo pa njanji yopita ku Blantyre. Kumene njanji ndi sitima zinathera, katunduyo ankayenda pamitu ya anthu, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo osaona ngakhale mdani mmodzi. Mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafera nkhondo yomwe si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma.

Ndinayesa kuteteza wolembayo ponena kuti munthu amalemba za kwawo, ndipo sitingamudzudzule chifukwa chosalemba za Chiromo pamene nkhani yake ili ku France. Aphunzitsi anavomera, koma anati dandaulo lawo silikupita kwa wolembayo. Chimene chinawapweteka ndi chakuti mtsikana wa m'bukulo ankalandira makalata, ngakhale a mizere itatu, pamene agogo awo aakazi, omwe anali atangokwatiwa kumene ndipo anali ndi pathupi, sanalandire kalikonse chifukwa onse awiri sankadziwa kulemba. Ankangopita kunjanji akamva kuti kukubwera amuna ochokera kumpoto, n'kumafunsa aliyense ngati anawaona amuna awo. Chikondi chimenecho, anatero aphunzitsi, chinalipo ndithu, koma palibe amene anachipatsa masamba zana. Pamenepa ndinasowa choyankha, ndipo achemwali anga, omwe anati maluwa ndi kutaya nthawi, ndiwo anali oyamba kufunsa kuti awiriwo anakumana bwanji.

Aphunzitsi anafotokoza zochepa zimene anamva ali mwana: kuti anakumana pa dambo pokolola mapira, kuti mwamunayo anakalowa chikamwini, ndi kuti anabwerera nkhondo itatha mu 1918 ali woonda kwambiri, ndi chipsera pakhosi pomwe chingwe cha katundu chinkakhula. Anakhala ndi moyo mpaka ukalamba, koma za ulendowo sankanena, ndipo ana akamufunsa ankadzuka n'kupita kukaona mbuzi. Mdzukulu uja, yemwe poyamba anakwiya ndi msilikali wosalankhula wa m'bukulo, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope ndi cholembera. "Agogo," anatero, "yambiraninso pa dambo paja, ndipo mundiuze mayina awo onse awiri." Mdima utagwa ndipo udzudzu utayamba kuluma, ine ndi achemwali anga tinatsanzika, iwo akadali pa khonde akulemba ndi tochi ya foni.