Nambala 10 yopanda dzina

Pa ntchito ina yoika thanki ya madzi tinalipo atatu: ine, mnzanga wowerengera za mapampu, ndi abwana, amene gawo lawo linali kufunsa kuti "mwamaliza?" Masamu onse tinkalemba mu Excel n'kumaponyerana pa WhatsApp. Pofika sabata yachitatu, mufoni mwanga munali thanki_final, thanki_final2, thanki_final_yeniyeni, ndi ina imene abwana anaitcha thanki_OSAKHUDZA. Imeneyo ndiye aliyense ankaikhudza.

Langa linali gawo lochepa: paipi yotayira madzi thanki ikadzaza, ija timati ovafulo. Anthu amaiderera, koma ili ndi khalidwe lake. Polowa, madzi amakankhidwa ndi pampu. Potuluka palibe wowakankha, amangotsetsereka okha. Ndiye paipiyo iyenera kutha kutaya madzi onse amene pampu ingathire, n'chifukwa chake kawirikawiri imakula kuposa yolowetsa. Izi ndinkazidziwa, mpaka kumaphunzitsa nazo ana a ku koleji obwera kudzaphunzira ntchito, dzanja lina lili m'thumba.

Mu OSAKHUDZA muja ndinapezamo nambala 10, ili yokhayokha, popanda cholembedwa pambali. Ine ndinati basi, madzi amene pampu imathira ndi makyubiki mita 10 pa ola, omwe ndi malita osakwana 3 pa sekondi. Paipi ya mamilimita 63 inakwana bwinobwino, ndinasaina. Chikhalirenicho mnzanga uja ankanena malita 10 pa sekondi, omwe pa ola ndi makyubiki mita 36. Mpaka lero amalumbira kuti analemba zimenezi mu final2, fayilo imene ndinaifufuta pofuna malo a zithunzi za ukwati wa mlamu wanga.

Pulambala wathu, bambo wachikulire wa imvi, anaiyang'ana pulani ija nthawi yaitali.

"Bwana injiniya, kapaipi aka sikachepa? Ine pamenepa ndikanaika ya 110."

"Bambo, izi zachokera mu kompyuta."

"Oo, chabwino bwana. Kompyuta ndiye inapita kusukulu."

Tsiku loyesa linali mu June, kumapiri a ku Dedza, kozizira kochita kuluma makutu. Kunabwera amfumu, akomiti ya madzi, ndi abwana atavala magalasi akuda ngakhale dzuwa kunalibe. Chozimitsa pampu thanki ikadzaza ndinachichotsa ndekha, kuti anthu aone ovafulo yanga ikugwira ntchito. Kenako ndinakaima pansi penipeni pa nsanja, nditavala suti ya ukwati womwe uja, n'kuyamba kufotokoza.

Kapaipi kaja kanayesetsa, ndisakanamizire. Kanatulutsa madzi ake ndi mtima wonse. Koma pa sekondi iliyonse malita ena 7 ankatsala m'kati akusowa kolowera. Ndili pakati pa mawu akuti "monga mukuonera", anapeza njira pa chivindikiro cha pamwamba. Khuthu! Onse pamutu panga. Amayi ena anayamba nthungululu poganiza kuti ndi mbali ya mwambo. Amfumu anasuntha mpando wawo pang'ono, mwaulemu, n'kufunsa abwana ngati zizichitika chonchi tsiku lililonse.

Pampu itazimitsidwa, pulambala uja anabwera ndi chitenje chobwereka n'kundifunditsa, mano anga akuombana.

"Pepani bwana. Kompyuta sinanyowe?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

"Musadandaule, ya 110 ija ili m'galimoto. Ndinagula Lachiwiri."