Tikuthokoza nonse, mwana wathu wakweranso njinga

Loweruka lapitali mwana wathu wamwamuna anapikisana nawonso pa BMX, koyamba chimuchotsereni chikhakha pamkono. Anamaliza wachisanu, ali bwinobwino. Ine ndi amayi ake taona kuti tisakhale chete, tikuthokozeni poyera.

Abale akumudzi mwakhala mukufunsa kuti ndi masewera anji ochita kuthyola mwana. Si njinga ya kabaza iyi ayi. Ndi kanjinga kakafupi, matayala a mainchesi 20, giya imodzi basi, kopanda keliyala. Anayambitsa ndi ana a ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, potengera akuluakulu othamangitsa njinga zamoto m'fumbi, iwo akupalasa tinjinga tawo ta Schwinn Sting-Ray. Lero okwera asanu ndi atatu amandanda pa geti pamwamba pa chitunda. Geti ikangogwa amatsetsereka limodzi, kudumpha tizitunda, kukhota m'makona opendekeka, ndipo mphindi imodzi isanakwane zonse zatha. Tsiku limene anathyoka mkono lija, wathuyu anagwa pa kona yoyamba, pamene onse amalimbirana malo, mnzake wa kumbuyo n'kumugwera.

Choyamba tikuthokoza a kochi ake. Munafika pamene anagwerapo ine ndisanafike, munaletsa aliyense kumunyamula mpaka a ambulansi atabwera, ndipo kuchipatala munakhala nafe mpaka usiku. M'mawa mwake munatibweretsera helemeti yake, itang'ambika pachibwano. Amayi ake anaigwira n'kuyamba kulira. Ndinu amene munatikakamiza kugula yotchinga nkhope yonse pamene ife tinkadandaula mtengo. Mulungu akudalitseni, bambo.

Makolo anzathu a ku kalabu, ambiri mwa inu sitilankhula chinenero chimodzi, koma munasonkha ndalama za mafizo popanda kupemphedwa. Amayi a kumpingo kwathu kuno ku Joni, mphika wanu sunasowe pakhomo pathu masiku onse amene tinkagonera kuchipatala. Alamu anga, munanditengera mashifiti a usiku osawerengera. Agogo ake ku Ntcheu, mapemphero anu a pa WhatsApp ankamvetsera m'mawa uliwonse asanadzuke.

Mkono unapola msanga kusiyana ndi mtima. Atachira ankafika pa geti, kumva kulira kwa belu, n'kutsika panjinga akunjenjemera. Apa ndiyenera kutchula mnyamata wina wamkulu wa m'dera lathu amene amasewera flatland, mtundu wa BMX wosathamanga, wongozungulira ndi kuima ndi tayala limodzi pamalo a fulati. Ankabwera madzulo kudzamutenga, kupita naye pabwalo loimika magalimoto, kumuphunzitsa kuima panjinga osaponda pansi. Analibe naye changu. Achimwene, inu ndi amene munamubwezera chikondi cha njinga, ndipo tsopano mwana akudziwa kuti BMX si liwiro lokha. Palinso a freestyle, oonetsa luso panjinga m'malo mothamanga: a park, a street, a dirt, aliyense ndi luso lake. Mpikisano wa liwiro unalowa mu Olimpiki ku Beijing mu 2008, ndipo a freestyle analowa ku Tokyo mu 2021.

A kochi anamufotokozeranso za Sifiso Nhlapo, mwana wa konkuno ku South Africa, amene anafika mu fayinolo ku Beijing, n'kuthyoka mafupa a m'khosi mu 2009, koma mu 2010 anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Pietermaritzburg. Mwana anamvetsera ali duu. Sabata yotsatira anapempha yekha kuti timuperekeze ku geti.

Amene munatiuza kuti timuletse, sitinakhumudwe nanu, tikudziwa kuti chinali chikondi. Ifenso mantha tili nawo, amayi ake amatseka maso geti ikamagwa. Koma mwana akufuna, ndipo ali m'manja mwa anthu osamala.

Mwezi wamawa kuli mpikisano wina. Amene muli kuno ku Joni bwerani mudzamuchemerere, mutenge mipando ndi maambulera chifukwa kulibe mthunzi. Zikomo kwambiri nonse.