Siliva ndi chigoba cha nkhanu

Ndinalowa m'phunziro la tizidutswa ta siliva ndikuganiza kuti ndi nzeru za dzulodzuloli. Ayi ndithu. M'zaka za m'ma 1880 dokotala wa ku Germany, Carl Credé, anali akudonthezera kale silver nitrate m'maso mwa makanda kuti asachite khungu, ndipo mpaka lero zilonda za moto amazipaka silver sulfadiazine.

Chatsopano ndi kuchepa kwake. Tizidutswati timayezedwa m'mananomita, ndipo nanomita ndi mita yogawidwa ka 1 biliyoni. Siliva ukamunyenya kufika pamenepo, mbali yake yokhudzana ndi madzi imachuluka, choncho amatulutsa ma ion ambiri (maatomu a siliva okhala ndi chaji) omwe amawononga khungu la bakiteriya ndi ma enzyme ake, mapuloteni oyendetsa ntchito za m'kati mwake. Koma tizidutswati tikasiyidwa tokha timamatana n'kutha mphamvu, ndipo tikachuluka sitisankha: timapweteka ndi maselo athu omwe.

Apa ndiye pamene ndinamvetsa ntchito ya chitosan. Amapangidwa kuchokera ku chitin wa m'zigoba za nkhanu, zomwe zija tinkataya kudambo tili ana. Poyamba ndinkamuyesa chikuto chabe. Chonsecho ndiye amagwira tizidutswa kuti tisamatane, amachititsa kuti siliva azituluka pang'onopang'ono, ndiponso iye mwini amakakamira pa bakiteriya chifukwa ali ndi chaji ya positive pamene khungu la bakiteriya lili ndi ya negative. Mbusa weniweni wa siliva ndi ameneyu.

Pa khansa m'pamene chimwemwe changa chinazirala. Alipo mankhwala a m'tizidutswa ta mitundu ina omwe anafika kwa odwala, monga Abraxane, wovomerezedwa ku America mu 2005, yemwe ndi paclitaxel, mankhwala a khansa, womangidwa ndi albumin, puloteni ya m'magazi, m'tizidutswa ta pafupifupi nanomita 130. Koma ofufuza ena mu 2016 atasonkhanitsa zotsatira za zaka 10 za kafukufuku wa pa nyama, anapeza kuti pa tizidutswa tobayidwa m'thupi, pafupifupi 0.7 peresenti yokha ndi imene imafika pa chotupa. Tambiri timakodwa m'chiwindi ndi m'kapamba.

M'kope langa ndinali nditadula mzere pansi pa mawu onse onena kuti mankhwala akutiakuti apha maselo a khansa m'mbale ya mu labotale. Mnzanga anangoseka, amvekere ngakhale jiki amapha. Zinandiwawa, koma sananame. Tsopano ndikatsegula pepala la kafukufuku ndimathamangira kaye kuona ngati anayesanso pa maselo abwinobwino, ndiponso pa mlingo wanji. Mawa ndiyamba za golide, yemwe amafiiritsa kamzere ka pa kachipangizo koyezera malungo.