Lachitatu: ufa wakuda ndi foni ya amalume

Lero inali nthawi yanga yokonza inki ya catalyst ya fuel cell ku labu. Fuel cell ndi selo yopanga magetsi kuchokera ku mpweya wa haidrojeni ndi okosijeni, ndipo catalyst ndi ufa umene umafulumizitsa ntchitoyi. Ufa wake ndi wakuda bii, ungauyese mwaye wa m'khitchini, koma muli tizidutswa ta platinamu tating'onoting'ono, ta mananomita ochepa chabe, tomamatira pa kaboni. Umayamba wauwaza madzi usanathiremo alcohol, chifukwa ukauthira uli wouma umatha kuyaka. Nditasakaniza bwinobwino, ndinaupopera mbali zonse ziwiri za Nafion, kapepala kapulasitiki kopyapyala kamene kampani ya DuPont inatulukira m'zaka za m'ma 1960.

Kapepalaka sikasiya kundidabwitsa. Platinamu ikang'amba haidrojeni, kamalola maprotoni kudutsa koma maelekitironi kamawakaniza, ndiye amazungulira kudzera mu waya. Magetsi ndi amenewo. Akafika tsidya linalo onse amakumana ndi okosijeni, n'kutuluka madzi okhaokha. Koma sikafuna kuuma. N'chifukwa chake timanyowetsa mpweya tisanaulowetse, selo n'kumagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 80.

Masana tinayesa seloyo ndipo inapereka pafupifupi 0.7 volt. Ndi mphamvu yochepa ndithu, paja galimoto yoyendera haidrojeni ya Toyota Mirai amaisanjikizira maselo oposa 300.

Madzulo ndinaimbira amalume amene amagwira ntchito mumgodi wa platinamu ku Rustenburg. Anali atangotuluka kumene pansi, mawu ali otopa. Nditawafotokozera kuti platinamu imene timapaka pa sentimita imodzi ya kapepala siifika ngakhale miligiramu imodzi, anandiyankha kuti, "Mphwanga, ife tikaphwanya tani yathunthu ya miyala, mumatuluka magalamu ochepa okha. Muzisamala nayo."

Kenako anafunsa funso limene landisowetsa tulo: "Nanga inu mukamachepetsa platinamuyo, ife tidzakumbirabe ndani?"

Funso lawo ndi loona. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a platinamu yokumbidwa padziko lonse amachokera ku South Africa kuno, ina ku Russia ndi ku Great Dyke ya ku Zimbabwe. Yambiri imapita m'mapaipi a utsi a galimoto zoyendera mafuta, komwe imachepetsa poizoni wa mu utsiwo, ndipo galimoto zamabatire siziifuna. Boma la kuno linayambitsa pulogalamu yofufuza za haidrojeni yotchedwa HySA mu 2008 poyembekezera kuti ma fuel cell adzatsegula msika wina. Mu 2022 kampani ya migodi ya Anglo American inaonetsa chigalimoto chonyamula miyala choyendera haidrojeni pamgodi wa Mogalakwena.

Ine ndimakhulupirira kuti tikachepetsa platinamu pa selo iliyonse, mtengo udzatsika, ogula adzachuluka, ndipo migodi idzagulitsabe. Ndinawauza zimenezi. Anangoti, "Tiona, mphwanga," n'kuyamba kundifunsa ngati ndatumiza ndalama ya feteleza kwa amayi ku Dedza.

Mawa tiyesa ufa wa platinamu yosakaniza ndi chitsulo cha cobalt. Ndikufuna kuona ngati udzapirire asidi wa mu Nafion, chifukwa cobalt imakonda kusungunuka selo ikagwira ntchito nthawi yaitali.