Petr Svoboda, wotchinga kumbuyo amene anathawa kwawo ali ndi zaka 18

Ndili kusekondale ndinkasewera mpira wamiyendo kumbuyo, pa nambala 5, ndipo m'zaka zinayi zonsezo ndinamwetsa chigoli chimodzi chokha, chomwenso anzanga ankanena kuti mpira unangondigunda pabondo n'kudzilowera wokha. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero mtima wanga umakhala pa anthu otchinga kumbuyo, kaya ndi m'masewero otani. Usiku wina tulo titasowa ndinkangoona makanema akale pa YouTube, ndipo ndinagwera pa kanema wa masewero otsiriza a hockey ya pa ayezi pa mpikisano wa Olympic wa mu 1998 ku Nagano, m'dziko la Japan. Matimu a Czech Republic ndi Russia anasewera mphindi 60 n'kupezeka chigoli chimodzi basi, ndipo amene anachimwetsa sanali katswiri wa kutsogolo aliyense, koma wotchinga kumbuyo dzina lake Petr Svoboda. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuwerenga za bambo ameneyu, ndipo ndaona kuti chigolicho, ngakhale ndi chimene anthu amamudziwira, ndi kachigawo kakang'ono chabe ka moyo wake.

Masewerowa ndi achilendo kwa ambiri a ife, choncho ndiyambe ndawafotokoza pang'ono. Amachitikira pabwalo la madzi oundana lotchingidwa ndi matabwa kuzungulira, ndipo osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kuphazi kuti azitsetsereka mothamanga. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo: goloboyi, awiri akumbuyo ndi atatu akutsogolo. M'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kachinthu kaphwatalala ka labala wolimba kotchedwa puck, kamene kukula kwake n'kofanana ndi chivindikiro cha botolo la jamu, koma kakamenyedwa ndi mphamvu kamathamanga kuposa makilomita 150 pa ola. Masewero amagawidwa patatu, mphindi 20 chigawo chilichonse, ndipo osewera amasinthana pafupifupi mphindi iliyonse chifukwa liwiro lake munthu sangalipirire nthawi yaitali. Ntchito ya wotchinga kumbuyo ndi yowawa. Amatsetsereka chafutambuyo maso ali pa mdani, amakankhana naye mpaka kumufinyira kumatabwa, ndipo zikavuta amadziponya kutsogolo kwa puck kuti imugunde iyeyo isanafike pa goloboyi. Akagwira bwino ntchito yake palibe amene amamutchula, poti anthu sawerenga zigoli zomwe sizinalowe.

Svoboda anabadwa pa 14 Febuluwale 1966 mumzinda wa Most, kumpoto kwa chigawo cha Bohemia, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia. Dera limeneli ndi la migodi ya malasha ndi mafakitale, ndipo m'zaka zimene iye ankakula boma linali pakalikiliki kugwetsa mzinda wakale wa Most kuti likumbe malasha omwe anali pansi pake. Anthu anasamutsidwira m'nyumba zatsopano zamidadada, ndipo mu 1975 tchalitchi chachikulu cha mumzindamo anachikweza pa njanji n'kuchikankha mamita 841 kuti chisagwe nawo. Pafupi ndi Most pali tauni ya Litvínov, yodziwika ndi fakitale ya mankhwala ndi mafuta komanso timu ya hockey imene yatulutsa akatswiri ochuluka modabwitsa poyerekeza ndi kuchepa kwa tauniyo. Kumeneko ndi kumene Svoboda anaphunzirira masewerowa, ndipo asanakwanitse zaka 18 anali atayamba kale kusewera ndi akuluakulu mu ligi yaikulu ya dzikolo.

Kwa anthu a ku Czechoslovakia hockey sinali nkhani ya masewero okha. Mu Ogasiti 1968 asilikali a Soviet Union ndi mayiko ogwirizana nawo analowa m'dzikolo ndi akasinja kudzathetsa kusintha kwa ndale kumene mtsogoleri wa dzikolo, Alexander Dubček, anayambitsa. Patangotha miyezi 7, pa mpikisano wa dziko lonse ku Stockholm, timu ya Czechoslovakia inagonjetsa ya Soviet Union kawiri, 2-0 ndi 4-3, ndipo anthu anakhamukira m'misewu ya Prague mpaka ofesi ya Aeroflot, kampani ya ndege ya Soviet Union, inaphwanyidwa. Chipolowe chimenechi chinapereka mpata kwa akuluakulu a ku Moscow kufinya boma, ndipo mu Epulo 1969 Dubček anachotsedwa paudindo. Svoboda anali ndi zaka zitatu zokha, koma anakulira m'dziko limene bwalo la ayezi linali malo okhawo amene munthu akanatha kumenya Mrasha pamaso pa anthu popanda kumangidwa.

M'chaka cha 1984 timu ya achinyamata osapitirira zaka 18 inapita kukasewera mpikisano wa mayiko a ku Ulaya ku West Germany, ndipo Svoboda sanabwerere nawo kwawo. Anazemba n'kukabisala kwa wachibale wake ku Munich. Sanali woyamba kuchita zimenezi, poti Václav Nedomanský anathawa mu 1974, ndipo Peter Šťastný ndi mng'ono wake Anton anathawira ku Quebec mu 1980, koma amenewo anali anthu okhwima, odziwika kale, amene ankadziwa kuti ntchito ikuwadikira. Svoboda anali mnyamata wa zaka 18 amene sanali atasewerapo mu timu yaikulu ya dziko lake. Malamulo a nthawiyo ankati kuchoka m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu, munthu ankaweruzidwa iye kulibe, ndipo kawirikawiri abale ake otsala ndi amene ankavutitsidwa ndi apolisi achinsinsi. Amene akukumbukira nthawi ya chipani chimodzi kuno kwathu akudziwa kuti munthu akathawira kunja, ngakhale kalata yake yeniyeniyo inkasanduka chinthu choopsa m'nyumba ya makolo ake. Ndikaganiza za mnyamata wamsinkhu wa Fomu 4 akupanga chisankho chotero, osadziwa ngati adzawaonanso mayi ake, ndimaona kuti tsiku limenelo linafuna kulimba mtima kuposa masewero onse amene anadzasewera pambuyo pake. Ndipo dzina loti Svoboda m'chinenero chawo limatanthauza ufulu, ngakhale kuti ndi dzina lofala kwambiri kumeneko moti sitingalipangire nthano.

Ku North America matimu a ligi ya NHL sagula achinyamata mwachisawawa. Chaka chilichonse amakumana n'kumasankha mmodzimmodzi motsatana, ndipo matimu amene sanachite bwino ndi amene amayamba. Msonkhano wa mu Juni 1984 unachitikira m'bwalo la Montreal Forum, ndipo woyamba kusankhidwa anali Mario Lemieux, yemwe anapita ku Pittsburgh. Matimu ambiri ankaopa kutaya mwayi wawo pa osewera a m'mayiko achikomyunizimu chifukwa panalibe chitsimikizo choti adzabwera. Koma Serge Savard, mkulu wa timu ya Montreal Canadiens, anali atamubweretsa kale Svoboda mumzindamo mwakachetechete, ndipo itafika nthawi yosankha munthu wachisanu anatchula dzina lake, mnyamatayo n'kutulukira pamaso pa khamu lonse. Chaka chomwecho Montreal inasankhanso goloboyi wina pa nambala 51, dzina lake Patrick Roy. Dzina limeneli mulisunge.

Svoboda analowa m'timu yaikulu chaka chomwecho, wowonda, wosadziwa bwino Chingerezi ngakhale Chifalansa chimene chimalankhulidwa ku Montreal, ndipo anapeza kuti bwalo la ku NHL ndi lopanikizika kusiyana ndi la ku Ulaya, kutanthauza kuti kugundana kumachuluka. Mwayi wake unali woti ankasewera limodzi ndi akatswiri a kumbuyo monga Larry Robinson ndi Chris Chelios. Mu 1986 Montreal inagonjetsa Calgary Flames n'kutenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, ndipo dzina lake linazokotedwa pachikhocho ali ndi zaka 20. Mu 1989 anafikanso m'ndime yotsiriza koma ulendo uno Calgary inabwezera. Mu 1992 anasinthanitsidwa kupita ku Buffalo Sabres, mu 1995 ku Philadelphia Flyers, ndipo kumapeto kwa 1998 ku Tampa Bay Lightning. Zonse pamodzi anasewera masewero 1,028 a mu ligi, ndipo anakhala munthu woyamba wa ku Czech kufika pa masewero 1,000 mu NHL. M'masewero onsewo anamwetsa zigoli 58 zokha, kutanthauza chigoli chimodzi pa masewero pafupifupi 18 alionse. Nambala ziwirizi, 1,028 ndi 58, zikuuzani mtundu wa wosewera amene anali: munthu amene aphunzitsi ankamudalira usiku uliwonse kwa zaka 17, pa ntchito imene sionetsedwa pa nkhani za madzulo.

Pamene iye ankatchinga ku Canada ndi ku America, kwawo kunasintha. Mu Novembala 1989 ulamuliro wachikomyunizimu unagwa, ndipo pa 1 Januwale 1993 dziko linagawika pawiri, Czech Republic ndi Slovakia. Kenako kunabwera Nagano, mpikisano woyamba wa Olympic umene NHL inaimitsa ligi kuti akatswiri ake akasewere. Mphunzitsi wa timu ya Czech anali Ivan Hlinka, yemwenso anabadwira ku Most ndi kutchukira ku Litvínov, ndipo anaitana Svoboda kuti adzavale yunifomu ya timu yaikulu ya dziko lake koyamba. Anakwanitsa zaka 32 mpikisano uli mkati.

Ndi ochepa amene ankaiwerengera timuyi, chifukwa pafupifupi theka la osewera ake ankasewera m'maligi a ku Ulaya pamene Canada ndi America anadzaza ndi mayina akuluakulu. M'magulu anagonja kwa Russia 2-1. Koma m'ndime ya matimu 8 anachotsa America ndi zigoli 4-1, ndipo m'ndime ya matimu anayi anakumana ndi Canada, imene pagolo pake panali Patrick Roy uja ndipo kaputeni wake anali Eric Lindros, mnzake wa Svoboda ku Philadelphia. Jiří Šlégr, wotchinga kumbuyo winanso wa ku Litvínov, anamwetsa chigoli, Trevor Linden n'kubweza kutatsala kanthawi kochepa, ndipo nkhani inakathera pa mapenate. Robert Reichel anamwetsa yoyamba, ndipo goloboyi Dominik Hašek anakaniza onse asanu a ku Canada, katswiri wawo wotchuka kwambiri, Wayne Gretzky, atangokhala pabenchi osapatsidwa mpata.

Masewero otsiriza anachitika pa 22 Febuluwale, ndipo ku Prague kunali kusanache bwino pamene anthu ankadzuka kukakhala pa wailesi ya kanema. Russia inabwera ndi Pavel Bure, amene anali atangomwetsa zigoli zisanu yekha pa masewero olimbana ndi Finland. Zigawo ziwiri zinatha popanda chigoli, ndipo kwa ine chidwi chenicheni chili m'mphindi 40 zimenezo, pamene Svoboda ndi anzake akumbuyo ankatseka njira zonse moti Bure analibe podutsira. Patadutsa mphindi 8 ndi masekondi 8 m'chigawo chachitatu, woyimbira anaponya puck m'dera la Russia, Pavel Patera anaipambana, Martin Procházka anaibwezera kumbuyo, ndipo Svoboda, ataima pafupi ndi mzere wabuluu umene dera la Russia limayambira, anakweza ndodo n'kuimenya ndi mphamvu zake zonse. Kanemayo ndamubwereza kambirimbiri koma puck sindiiona ikamadutsa pakati pa chigulu cha anthu amene anaima kutsogolo kwa goloboyi Mikhail Shtalenkov. Chimene chimaoneka ndi ukonde ukugwedezeka ndi anzake akumuthamangira. Kenako anabwerera kumbuyo kukagwira ntchito yake ya masiku onse kwa mphindi pafupifupi 12 zotsalazo, mpaka masewero anatha 1-0. Tsiku lotsatira khamu linadzaza bwalo la Old Town Square ku Prague kudzawalandira, anthu akufuula kuti Hašek apite kunyumba ya pulezidenti, ndipo pakati pa ngwazizo panali munthu amene zaka 14 m'mbuyomo boma la dziko lomwelo linkamutenga ngati wolakwira malamulo.

Sanapume mwa kufuna kwake. Mu Disembala 2000 anagundidwa ndi Shane Doan wa timu ya Phoenix n'kuvulala m'mutu, ndipo sanabwererenso pabwalo. Pambuyo pake anakhala woimira osewera pa zokambirana za makontrakiti awo, ndipo mwa anthu amene anawaimira panali Jaromír Jágr, amene ankavala nambala 68 pokumbukira chaka cha akasinja chija, komanso Jakub Voráček. Voráček anabadwira ku Kladno mu Ogasiti 1989, miyezi itatu ulamuliro wakale usanagwe. Nayenso ananyamuka ali mnyamata wa zaka 17 kupita ku Canada kukasewera ku Halifax, koma iye anakwera ndege ali ndi pasipoti m'thumba, ndipo mu 2010, ali ndi zaka 20, anali atavala kale yunifomu ya dziko lake n'kupambana nayo mendulo ya golide pa mpikisano wa dziko lonse ku Germany, dziko lomwe lija Svoboda anazemberako.