Loweruka la makoswe ndi tameki

Lero ndinadzuka mbandakucha chifukwa cha phokoso la makoswe m'chipinda chimene tasungamo matumba a chimanga chomwe tinakolola mu Meyi. Nditatuluka panja ndinapeza achimwene anga aakulu, amene atichezera sabata ino, atakhala pakhonde akusakaniza tameki ndi usipa pakachidutswa ka katoni, pomwe galu wathu Kambuku anali chiimire pambali pawo akununkhiza fungo la usipawo. Mtima unandigunda kwambiri.

Ndinawapempha kuti, "Achimwene, chonde musaike mankhwalawo pansi, chifukwa amene ayambe kudya usipawo ndi Kambuku, osati khoswe." Iwo anayankha kuti akaika kuseri kwa matumba kumene galu safika, koma ndinawakumbutsa za mphaka wathu, amene amagona m'chipinda chomwecho ndipo angathe kudwala ngakhale atangodya khoswe wofa ndi poizoniyo. Tameki ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndipo timibulu take tochepa chabe timakwanira kupha galu wamkulu. Chiweto chikadya chimayamba kutuluka dovu, kusanza, kunjenjemera ndi kubanika, nthawi zambiri pasanathe ola limodzi, moti mwini wake akamati athamangire kwa dokotala wa ziweto, zinthu zimakhala zitaipa kale. Ambiri kwathu kuno amakhulupirira kuti kumwetsa mkaka kumachotsa poizoni, koma zimenezi zimangotayitsa nthawi yofunika.

Achimwene anamvetsa. Usipawo tinautaya m'chimbudzi chokumba, tinasamba m'manja ndi sopo, kenako tinamata mabowo awiri a m'khoma ndi simenti n'kutchera misampha itatu pansi pa thandala la matumba, pamene mphaka sangalowetse mwendo.

Nkhaniyi inandichititsa kuyendera nyumba yonse masana. Chimene chinandidetsa nkhawa koposa ndi mapiritsi a panado amene ndinawasiya pakatebulo ka kuchipinda, pakuti chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwala amenewa, ndipo piritsi limodzi lokha lingathe kumupha. Ndinawatsekera m'kabati pamodzi ndi botolo la parafini ndiponso mankhwala otetezera chimanga ku anankafumbwe. Kukhitchini ndinakambirana ndi mwana wanga wamkazi, amene amakonda kukhuthulira Kambuku zotsala zonse za m'mbale, ndipo ndinamufotokozera kuti anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu pang'onopang'ono, komanso kuti mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kukhala zisonga zomwe zingaboole matumbo. Anakhumudwa pang'ono, poti ankaona ngati akumuchitira zabwino, koma tinagwirizana kuti azimupatulira nsima ndi usipa tisanathire anyezi m'ndiwo.

Madzulo ndinalemba nambala ya foni ya dokotala wa ziweto papepala n'kumata pachitseko cha kukhitchini. Pamene ndikulemba zino, msampha umodzi wagwira kale khoswe, ndipo Kambuku wagona pakhonde pafupi ndi mbale yake ya madzi.