Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Anyezi m'mimba

Mwanditopetsa ndi mauthenga kuti gawo 7 lili kuti. Nali. Zikomo mayi a ku Dwangwa amene munati munalira powerenga za maliro a bambo anga. Ndipo inu amene mumafunsa chomwe ndinayambanirana ndi alamu anga aja, lero mumva.

Zaka zinayi ndikugulitsa mpunga pa Kamuzu Road ku Salima zinadutsa popanda chonena. Mu 2019 ndi momwe ndinayamba kumva kulemera kumunsi kwa mimba, mbali yakumanja. Sikunali kupweteka kogwetsa munthu ayi. Kumabwera ndikanyamula thumba, kenako zii. Koma ndikagona chagada ndimakhudza kanthu kotalika ngati nthochi yaing'ono.

Mukukumbukira kuti nthawiyi bambo a kunyumba anali ku Johannesburg chaka chachiwiri. Alamu atamva kuti ndikudandaula mimba, anauza mudzi wonse kuti ndili ndi pakati pa mwamuna wina. Apongozi, mwina chifukwa cha chisoni, amandithowa ndi nsanza yotentha usiku uliwonse, n'kumakanikiza zolimba kuti chisungunuke. Sindiwada, amachita zomwe amadziwa.

Pachipatala china anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Pena anandiunika n'kunena kuti ndi chotupa cha thumba la mazira. Ena munandinyoza kuti bwanji ndinagulitsa njinga ya mwana kuti ndipite ku Lilongwe. Mukanakhala inu mukanatani?

Tsiku limene anandiunika ku Lilongwe sindidzaliiwala. Ndagona pakabedi kopapatiza, chitenje atsitsa, pamimba apaka mafuta ozizira aja. Adokotala akuyendetsa kachipangizo ka sikani, kubwerera pamalo amodzimodzi, osalankhula. Ndimamva fani ikulira padenga. Ndinayamba kuwerenga ana anga mumtima, wamkulu mpaka wamng'ono, ndi kuganiza amene angawatenge.

"Mayi, thumba la mazira lili bwinobwino, nali apa. Ichi ndi china. Taonani, mizere yozungulira ngati anyezi wodula pakati."

Anati mizere imeneyo imasonyeza apendikisi yodzaza ndi zonanda, dzina lake mucocele. Apendikisi ndi kathumba kangati chala komwe kali poyambira thumbo lalikulu. Kakatsekeka kukamwa, kapena mkati mwake mukamera chotupa, zoterera ngati therere zimangodzazana mpaka katupe. Ambiri samva kanthu, amawapeza nako akuunikidwa za matenda ena, ndipo kwa ife amayi amakasokoneza ndi thumba la mazira chifukwa zili moyandikana. Makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi, anatsimikiza, anaonetsanso kuti sikanaphulike.

Ndinafunsa ngati sangangobaya ndi jakisoni n'kupopa.

"Ayi mayi, kameneka sitibaya. Kakaphulika, zonandazo zikhoza kufalikira mimba yonse n'kumachulukana. Timakachotsa kathunthu, kenako akakayeze ngati muli khansa."

Apo thupi langa linazizira. Ndinakumbukira manja a apongozi, miyezi itatu akukanikiza pomwepo. Sindinawauze adokotala. Apongozinso sindinawauzepo mpaka anamwalira.

Ndinafika ku Salima kutada, envulopu ya zithunzi ili m'manja. M'mawa ndinapita nayo kwa alamu, ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde.

"Alamu, mwana wa mwamuna wina uja ndi uyu. Muoneni."

Sanatukule mutu. Za opaleshoni ndi amene anabwera kudzandidikirira, mudzamva m'gawo 8.